Mwana Wopulupudza: Sukulu ya Kale ndi Sukulu ya Lero

Kalasi iliyonse inali naye. Amene tinaphunzira pulayimale m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, tikakumana paukwati kapena pasiwa n'kuyamba kukumbutsana za kusukulu, dzina lake silichedwa kutuluka. Ndi mnyamata uja amene sankatha kukhala pansi mpaka phunziro lithe. Aphunzitsi akangotembenukira ku bolodi, iye waimirira kale. Funso lisanafike kumapeto, iye wayankha osakweza ndi mkono womwe. Pensulo inkamusowa tsiku ndi tsiku, ndipo kope lake linali lodzaza ndi masamu oyamba bwino koma osamalizidwa. Monitala akapatsidwa pepala loti alembepo olongolola, ankayamba ndi dzina la mnyamatayu phokoso lisanamveke n'komwe. Tinkamutcha wopulupudza, wamphulupulu, wosamva, ndipo agogo kumudzi ankangoti mwana ameneyu anadya matako a galu.

Panalinso mnzake amene sitimukumbuka kawirikawiri, chifukwa sankasokoneza munthu. Nthawi zambiri ankakhala mtsikana. Ankangoti phee chakumbuyo, maso ali pawindo, ndipo aphunzitsi akamutchula dzina ankachita kudzidzimuka. Uyu tinkati ndi wogona, wozizira. Ankabwereza kalasi kangapo, kenako tinkangomva kuti wasiya sukulu, ndipo panalibe wofunsa chifukwa chake.

Lero madokotala ndi aphunzitsi amadziwa kuti ena mwa ana otere amakhala ndi vuto lotchedwa ADHD, limene limachititsa mwana kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi, kulephera kukhazikika, ndi kuchita zinthu asanaganize. Ndikaika sukulu ziwirizi pamodzi, ya nthawi yathu ndi ya ana athu, chimene ndimaona ndi ichi. Sukulu ya kale sinkamudziwa mwanayu ndipo inkamupweteka, komabe tsiku lake linali lodzaza ndi zinthu zomuthandiza. Sukulu ya lero yayamba kumudziwa ndipo malamulo akumuteteza, koma zomuthandiza zija zikutha pang'onopang'ono.

Tsiku la kusukulu kale linkayamba ndi miyendo. Mwana ankayenda mtunda wautali, ena kudutsa m'madambo mame ali m'miyendo, atanyamula tsache kapena khasu. Chitsulo cha gudumu la galimoto chopachikidwa mumtengo wa mango chikalira, tinkathamangira kukasesa pabwalo, kenako kufola pamzere, kuguba, kuimba ndi kutambasula manja, aphunzitsi akuyendera zikhadabo ndi tsitsi. Pomalowa m'kalasi, thupi linkakhala litagwira kale ntchito. M'kalasimo namo maphunziro ambiri ankadzera pakamwa ndi m'manja. Tinkawerengera timitengo ndi zitsekerero za mabotolo, kulemba zilembo pamchenga, kulakatula matebulo a masamu tonse pamodzi, kuwomba m'manja, ndi kuwerenga mokweza za Timve ndi Tsala. Nthawi yopuma inali ya mpira wachikulunga, fulaye, phada ndi chipako. Panali munda wa sukulu umene kalasi iliyonse inali ndi ndime yake. Panali phunziro la zaluso, pomwe anyamata ankasema mipini ndi mithiko, ena kuumba ng'ombe zadothi, atsikana n'kumasoka ndi kuluka.

Kumeneko ndiye kunali kwawo kwa mnyamata wopulupudza uja. Galimoto yake yamawaya inkakhala ndi chiwongolero chokhota bwino kuposa za tonsefe, ndipo poipanga ankatha kuiwala nsima mpaka dzuwa kupendeka. Pa mpira timu iliyonse inkamulimbirana. Tsiku la gule kapena la sewero ndiye ankatsogolera. Choncho ngakhale m'kalasi ankatchedwa mbuli, pasabata pankapezeka maola angapo pomwe anzake ndi aphunzitsi omwe ankamuwombera m'manja. Mwana amakhalitsa pamalo pomwe pali chinthu chimodzi chimene amatamandidwa nacho.

Aphunzitsi ena a nthawi imeneyo anali atamuzindikira mwanayu popanda buku lililonse. Ankamupatsa udindo woimba belu, wofufuta bolodi, wokatenga choko ku ofesi, wowerenga makasu akamabwezedwa. Ankadziwa kuti akamutuma, abwerako mtima uli m'malo. Ambiri mwa aphunzitsiwa ankakhala pasukulu pomwepo, ankapemphera ndi makolo athu, ankadziwa kuti mwana wakutiyu kwawo kuli matenda kapena njala. Ndondomeko ya tsiku nayo sinkasinthasintha. Belu, kusesa, kufola, masamu, kupuma, zonse zinkabwera pa nthawi yake, ndipo akatswiri a lero amati dongosolo losasintha lotere ndi chimodzi mwa zinthu zimene mwana wa ADHD amafuna kwambiri.

Koma kukumbuka zabwino kusatiiwalitse chikwapu. M'mawa uliwonse pankakhala masamu a pamtima, ndipo wolakwa kapena wochedwa kuyankha ankatambasula dzanja. Mwana amene maganizo ake athawira pawindo funso likufunsidwa, ankalandira chikoti ngakhale yankho akulidziwa. Wolongolola ankagwada manja ali m'mwamba, kapena kupatsidwa dzenje loti akumbe lofika msinkhu wake, kapena chitsa choti azule anzake akuphunzira. Motero yemwe ankafunikira thandizo lochuluka ndi amene ankakhala kunja nthawi yaitali. Tsiku lotsekera sukulu, maina ankawerengedwa pamaso pa makolo ndi mafumu kuyambira nambala wani mpaka wakumchira, ndipo mudzi wonse unkadziwa mwana wa yani wagwira mchira. Kukwapula mwana wa ADHD kuti akhazikike n'chimodzimodzi kukwapula mwana wa maso ofooka kuti aone zapabolodi. Chimene ankaphunzirapo n'chakuti iyeyo ndi woipa, ndipo ena a iwo lero ali ndi imvi koma akadakhulupirirabe zimenezo.

Kunyumba nako zinthu sizinkamukomera. Popeza sukulu inali yolipira, kholo likaona mwana akubwereza kalasi linkati fizi ipite kwa mng'ono wake. Ena ankatengeredwa kwa sing'anga poganiza kuti alodzedwa, ndipo pachitsime anthu ankanong'onezana kuti bambo ake anamukhwimira. Chimene chinkamupulumutsa n'chakuti dziko la nthawi imeneyo linali ndi pogwira pambiri popanda satifiketi. Ankakaweta ng'ombe, kuphunzira ukalipentala kwa amalume ake, kupita kunyanja kukakoka khoka, kapena kukalowa ntchito ku esiteti. Ambiri mwa amisiri abwino ndi amalonda olimbikira amene tinakula tikuwaona anali ana amene sukulu inawalephera.

Sindikunena izi pofuna kuimba mlandu aphunzitsi athu. Chidziwitso chimenechi chinali chisanafike, ndipo ngakhale kumene chinachokera chinabwera mochedwa. Mu 1902 dokotala wa ana wa ku London, George Still, anafotokozera madokotala anzake za ana anzeru bwinobwino koma olephera kudzigwira, ndipo iyenso ankaganiza kuti chowavuta n'chokhudza khalidwe. Dzina lakuti ADHD linalowa m'buku la madokotala a zamaganizo a ku America mu 1987. Kwathu kuno maphunziro a ana a zosowa zapadera anayambira pa ulumali wooneka ndi maso. M'zaka za m'ma 1950 amishoni anatsegula sukulu za ana osaona ku Chilanga m'boma la Kasungu ndi ku Lulwe m'boma la Nsanje. Mu 1968 abulazala a Katolika a chipani cha FIC anayamba ntchito yothandiza ana a vuto la kumva ku Montfort, ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, komwe mpaka pano kumasulidwa aphunzitsi a ana a zosowa zapadera. Koma maphunziro okhudza ana ovutika kuphunzira, amene vuto lawo lili mkati mwa ubongo, anayamba mu 1996. Mphunzitsi wathu wa Sitandade 4 akanazidziwira kuti?

Zimene zikudziwika tsopano n'zoti kholo lililonse lizimve. Kafukufuku wa m'maiko ambiri amaonetsa kuti pafupifupi ana 5 mwa ana 100 alionse ali ndi ADHD. M'kalasi ya ana 100, imene si yachilendo kwathu kuno, ndiye kuti mungapezeke ana otere ngati asanu. Mbali yakutsogolo ya ubongo, imene imathandiza munthu kudikira, kukonza zochita ndi kusunga malangizo m'mutu, imakhwima mochedwerapo mwa ana amenewa. Vutoli limayenda kwambiri m'magazi, n'chifukwa chake bambo amene akudandaula za mwana wake nthawi zina amapezeka kuti ndi mnyamata yemwe uja wa pa pepala la monitala. Kubadwa masiku asanakwane kumawonjezera chiopsezo, ndipo lipoti la bungwe la zaumoyo padziko lonse la 2012 linaika Malawi pamwamba pa maiko onse pa chiwerengero cha ana obadwa motero, pafupifupi 18 mwa 100 alionse. Ofufuza a ku Blantyre, m'zotsatira zimene anatulutsa mu 2010, anapeza kuti ana ena amene anachira malungo a mu ubongo pambuyo pake anayamba kudwala khunyu kapena kuvuta pa khalidwe. Mayi amene amati mwana wanga anasintha chidwalire malungo aakulu aja, amanena zoona.

Si mwana aliyense wojijirika amene ali ndi ADHD. Madokotala amafuna kuona kuti zizindikiro zinayamba mwana asanakwanitse zaka 12, zakhalapo kwa miyezi yosachepera 6, zimaoneka kusukulu ndi kunyumba komwe, ndipo zikumulepheretsadi kuphunzira kapena kukhala bwino ndi anzake. Amayamba aonanso ngati mwana akumva ndi kuona bwino, ngati akugona mokwanira, ngati sakukomoka pang'onopang'ono ndi khunyu, ndiponso ngati kunyumba kulibe nkhanza kapena njala. Palinso ana ena amene ubongo wawo umagwira ntchito mwa njira yakeyake, monga a autism ndi a dyslexia, amene zilembo zimawasokoneza ngakhale ali ndi nzeru. Onsewa kale tinkawaika mu gulu limodzi la mbuli.

Chaka cha 1994 ndicho chinagawa nthawi ziwirizi. Chaka chimenecho maboma 92 anakumana ku Salamanca m'dziko la Spain n'kugwirizana kuti sukulu wamba zizilandira ana onse, a zosowa zapadera omwe. Chaka chomwecho boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi kupulayimale, ndipo chiwerengero cha ophunzira chinakwera kuchoka pafupifupi pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Khomo linatsegukira mwana amene kale akanatsala kumudzi, ndipo imeneyo ndi nkhani yabwino. Koma zipinda, madesiki ndi aphunzitsi sizinakule pa liwiro lomwelo. Boma limalakalaka kuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60, koma m'makalasi a kumunsi a sukulu zambiri ana amaposa 100, atakhala pansi mothinana, ena pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu pomwe njinga iliyonse yodutsa imaba maso a mwana.

Pa malamulo tapita patsogolo kwambiri. Malawi anavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009. Lamulo la anthu aulumali linabwera mu 2012, lamulo latsopano la maphunziro mu 2013, ndipo mu 2017 Unduna wa Zamaphunziro unakhazikitsa ndondomeko ya maphunziro ophatikiza ana onse. Aphunzitsi saloledwanso kumenya ana, ngakhale kuti ndodo sinatheretu. Sukulu zina zili ndi chipinda chapadera chimene amachitcha resource centre, momwe mphunzitsi wosulidwa ku Montfort amakhala ndi ana ochepa pa maola ena, kenako n'kuwabwezera m'makalasi awo. Makolo ali ndi mabungwe awo monga PODCAM. Mwana akhoza kuonedwa ndi akatswiri pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, kapena pa chipatala cha matenda a maganizo cha ku Zomba. Mankhwala othandiza alipo padziko, monga methylphenidate, koma amafunika dokotala wodziwa ndipo sapezeka wamba. Phala la kusukulu, limene bungwe la Mary's Meals linayamba kupereka m'Malawi muno mu 2002, lathandizanso mwa njira yake, pakuti mwana wanjala sangatchere khutu, kaya ali ndi ADHD kapena ayi. Ndipo m'sukulu zimene mwafika matabuleti ophunzirira kuwerenga ndi masamu, mwana amayenda pa liwiro lake ndipo amauzidwa pompopompo ngati wakhoza, chinthu chimene chimagwira mtima wa mwana wosachedwa kutopa.

Zonsezi ndi zenizeni, ndipo mlongo wathu uja wa pawindo akanakhala nazo mwina akanafika patali. Koma aphunzitsi apaderawa ndi ochepa, zipindazi zili m'sukulu zowerengeka, ndipo zipatala zija zili kutali ndi mwana wa ku Chitipa kapena ku Makanjira. Mwana wa ADHD wa lero, nthawi zambiri, ali m'manja mwa mphunzitsi wamba amene ali ndi makope oposa 100 oti achonge.

Apa ndi pomwe mtima umandibwezera kale. Tsiku la mwana wa lero, makamaka m'tauni, lasanduka lokhala pansi. Amakwera minibasi kapena kabaza, n'kulowa mumpanda wa sukulu imene bwalo lake anamangapo zipinda zina. Nyimbo, masewera olimbitsa thupi ndi zaluso zinaphatikizidwa kukhala phunziro limodzi la Expressive Arts, ndipo mayeso a Sitandade 8 akayandikira, kuimba ndi kuthamanga ndi zimene zimayamba kusiyidwa. Akaweruka amakalowanso makalasi apadera olipira mpaka madzulo, Loweruka ndi pa holide pomwe. Akafika kunyumba pali homuweki, kenako foni kapena kanema. Minda ya sukulu yachepa, mipini ndi mithiko sizisemedwanso. Mwana amene ubongo wake umakhazikika thupi likayenda, tamuchotsera zonse zoyendetsa thupi, ndipo tikudabwa kuti wafika povuta. Akalephera, pogwira paja palibenso, chifukwa ngakhale ntchito yaulonda masiku ano imafuna satifiketi. Sukulu zaluso za pansi pa TEVETA zilipo, koma zambiri zimafuna kuti mwana akhale atadutsa kaye m'makalasi omwe anamugonjetsawo.

Chondilimbitsa mtima n'chakuti zambiri zimene akatswiri amalangiza sizifuna ndalama, ndipo zikufanana ndi zimene aphunzitsi anzeru aja ankachita. Mwanayo akhale kutsogolo, pafupi ndi mphunzitsi, kutali ndi khomo ndi windo. Malangizo aperekedwe limodzilimodzi, mphunzitsi atamutchula dzina ndi kumuyang'ana, ndipo mwanayo abwereze zimene wamva. Ntchito yaitali idulidwe m'zigawo, akamaliza masamu asanu achongeredwe asanapatsidwe ena. Apatsidwe chifukwa chovomerezeka chodzukira: kugawa makope, kufufuta bolodi, kukapereka uthenga ku ofesi. Pakati pa phunziro kalasi yonse iimirire, iimbe, idumphe kwa mphindi ziwiri. Akachita bwino ayamikiridwe nthawi yomweyo, pakuti mphatso ya kumapeto kwa teremu ili kutali kwambiri kwa mwana wotere. Akalakwa, chilango chikhale chachifupi ndi chodziwikiratu, ndipo asalandidwe nthawi yopuma, chifukwa kuthamanga kwa panja ndi kumene kumamuthandiza kukhazikika akabwerera m'kalasi. Mphunzitsi ndi kholo azitumizirana kakope kolembamo chinthu chimodzi chabwino chimene mwana wachita tsikulo, kuti kholo lisamangoitanidwa pa milandu yokha. Ndipo mphunzitsi aziponya maso kwa mtsikana wachete uja, chifukwa mpaka lero anyamata ndi amene amazindikiridwa msanga, pomwe atsikana amadutsa osaonedwa.

Makolo nafenso tili ndi gawo lathu. Tikamasankha sukulu timafunsa kuti ana angati anasankhidwa kupita ku sekondale za boma, koma sitifunsa ngati pali bwalo la masewera. Pamsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi timapempha makalasi owonjezera, ndipo tikaona ana ali m'munda wa sukulu timati akuwataitsa nthawi. Ena timauzabe mphunzitsi kuti muzimukwapula ameneyo, ifenso tinakula choncho. Inde tinakula choncho, koma tiwerengenso anzathu amene sanafike nafe kumapeto. Makomiti a sukulu, magulu a amayi oyang'anira ana kusukulu ndi mafumu ali ndi mphamvu yoteteza bwalo la mpira kuti lisagulitsidwe, yobwezeretsa munda, ndi yoitana mmisiri wa m'mudzi kuti adzaphunzitse ana kuluka kapena kusema masana amodzi pa sabata.

Kwa amene akusula aphunzitsi m'makoleji athu, pempho langa ndi lakuti mphunzitsi aliyense wa pulayimale, osati wa ku Montfort yekha, atuluke akudziwa kuzindikira mwana wa ADHD ndi zoyenera kumuchitira m'kalasi yodzaza. Ana otere ali m'sukulu iliyonse, ndipo sangadikire kuti katswiri adzafike. M'mera mpoyamba: mwana akathandizidwa ku Sitandade 1 ndi 2, asanayambe kudziona ngati mbuli, ulendo wake wonse umasintha.

Sindikulakalaka kuti sukulu ya kale ibwerere yonse. Chikoti, dzenje ndi kuchititsa manyazi mwana pamaso pa mudzi zitsale komweko. Chimene ndikulakalaka ndi tsiku lija lokhala ndi nyimbo, khasu, mpira ndi ntchito za manja, loyendetsedwa ndi mphunzitsi amene akudziwa zimene madokotala akudziwa lero. Mbali yoyambayo tinali nayo kale ndipo tikhoza kuibwezeretsa popanda thandizo la kunja, yachiwiriyo tayamba kuiphunzira. Sukulu iliyonse imene ingaphatikize ziwirizi idzasunga ana amene m'nthawi yathu tinkawataya, ndipo ana ena onse m'kalasimo adzapindula nawo.